Kapangidwe ka Keel ya Boti la Matanga Lachitsulo

Kunsi kwa boti loyenda ndi mphepo kumakhala chipsepse chachikulu chotchedwa keel. Chimaletsa boti kutsetserekera cham'mbali mphepo ikawomba matanga, ndipo kulemera kwake kumalidzutsa likapendekeka.

Pa boti lachitsulo, keel imapangidwa ngati bokosi lalitali lopanikizika. Mmisiri amayamba ndi chitsulo chapansi penipeni, chomwe chimakhala chochindikala kuposa zonse poti ndicho chimagunda miyala ndi mchenga. Pamwamba pake amaimika nthiti, kenako n'kukuta mbali zonse ziwiri.

Luso lenileni lagona pa kuwotcherera. Chitsulo chikamazizira chimakoka, choncho wowotcherera mbali imodzi mpaka kumapeto amapeza keel itakhota, ndipo boti lotero limakokera kumodzi moyo wake wonse. Mmisiri wosamala amalumikiza pang'onopang'ono, uku pang'ono uko pang'ono, akuyeza ndi chingwe chomangirira kamwala. Akatha amapopera mpweya m'kati n'kupaka madzi a sopo m'misoko. Pomwe patuluka thovu ndiye kuti pali kabowo.

M'kati mwa keel amaikamo cholemeretsa, ndipo chabwino ndi mtovu: lita imodzi imalemera makilogalamu 11.3, pomwe chitsulo chimalemera 7.8. Umasungunuka pa madigiri 327 Celsius, koma utsi wake ndi poizoni, ndipo ukathiridwa ponyowa umathovoka n'kuwotcha anthu. Ena amangosanja zidutswa zake n'kuzimata ndi guluu wa epoxy, zomwe n'zofunika kwambiri pa boti la aluminiyamu, chifukwa mtovu ukakhudzana ndi aluminiyamu pachinyezi umamudya. Pomaliza amatseka pamwamba ndi chitsulo china kuti madzi asalowe n'kuyambitsa dzimbiri posaoneka.