Injini ya Dizilo m'Galimoto Yakale: Phunziro la ku Cuba

M'misewu ya mzinda wa Havana, likulu la dziko la Cuba, mukali kuyenda magalimoto amene anapangidwa ku America zaka zoposa 65 zapitazo. Maina ao ndi monga Chevrolet, Ford, Buick, Dodge ndi Plymouth, ndipo ambiri a iwo amanyamula anthu opita ku nchito, ku cipatala ndi kumsika. Munthu akaima m'mbali mwa mseu ndi kuchera khutu, amamva kugunda konga kwa cigayo kapena thirakitala. Cifukwa cake ndi cakuti m'magalimoto ambiri otere injini ya petulo inacotsedwamo kale, ndipo m'malo mwake munakhazikidwa injini ya dizilo.

Eni dziko amacha magalimoto amenewa almendrones, dzina locokera ku mtundu wina wa mtedza umene maonekedwe ace afanana ndi thupi lobulungira la magalimotowo. Luso la amakanika a kumeneko ndi lochuka pa dziko lonse. Komabe nchito yao iphunzitsa cinthu cimodzi cacikuru: kusintha injini ndiko kusintha galimoto yonse, ndipo woiwala zimenezi amaika miyoyo ya anthu pangozi.

Mmene zinayambira

Cuba ndi cisumbu cimene ciri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kucokera ku Florida, m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1950 magalimoto a ku America anali kulowa m'cisumbuci mwaunyinji. Zinthu zinasintha pa 1 Januwale 1959, pamene wolamulira Fulgencio Batista anathawa ndipo gulu la Fidel Castro linatenga boma. M'caka ca 1960 America inayamba kuletsa malonda ndi Cuba, ndipo mu 1962 Pulezidenti John F. Kennedy anakhwimitsa ciletsoco. Kuyambira pamenepo magalimoto atsopano a ku America ndi zitsulo zace zosinthira zinaleka kufika.

Boma linayamba kuitanitsa magalimoto a Lada, Moskvich ndi Volga kucokera ku Soviet Union, koma awa anali kugawidwa mwa cilolezo ca boma. Kufikira caka ca 2011, magalimoto okhawo amene munthu wamba anali ndi ufulu wogula ndi kugulitsa momasuka anali aja akale, olowa m'dziko boma lisanasinthe. Motero galimoto yakale inasanduka cuma ca banja, cosiyirana kucokera kwa atate kupita kwa mwana.

Pamene Soviet Union inapasuka mu 1991, mafuta amene Cuba inali kulandira kucokera kumeneko anacepa koopsa, ndipo mabasi a boma anasowa m'misewu. Magalimoto akale ndiwo anatsala onyamula anthu. Koma injini zao zinali zitatopa, zinali kumwa petulo wambiri, ndipo zitsulo zace sizinali kupezeka. Amakanika anatembenukira ku injini za dizilo za makampani monga Toyota, Hyundai, Isuzu ndi Mercedes-Benz. Bvuto la mafuta silinathe: mu Marichi 2024 boma la Cuba linakweza mitengo ya mafuta kuwirikiza kasanu.

Cifukwa cace dizilo amalemera

Injini ya dizilo inachedwa dzina la katswiri wa ku Germany, Rudolf Diesel, amene anaionetsa ikugwira nchito mu 1897. Isiyana ndi ya petulo pa kayatsidwe ka mafuta. M'injini ya petulo mpweya ndi mafuta zimasakanizidwa, ndipo pulagi imathetheka moto woyatsa. M'injini ya dizilo mulibe pulagi yotere. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha.

Injini za petulo za m'ma 1950 zinali kupanikiza mpweya kasanu ndi kawiri kapena kasanu ndi katatu, pamene za dizilo zimapanikiza ka 16 mpaka ka 22. Kupanikiza kumeneku ndiko kucititsa kuti dizilo asamwe mafuta ambiri. Ndiponso lita imodzi ya dizilo iri ndi mphamvu yoposa ya lita imodzi ya petulo. Koma kuti injini ipirire mphamvu yotere, zitsulo zace ziyenera kukhala zocindikala, ndipo citsulo cocindikala ndi colemera.

Kampani ya General Motors inaona zimenezi ndi maso. Kuyambira 1978 mpaka 1985 inagulitsa magalimoto a Oldsmobile okhala ndi injini ya dizilo yopangidwa potsata ya petulo. Mabauti omanga mutu wa injini analephera kupirira, ndipo munalibe cipangizo colekanitsa madzi ndi mafuta. Injini zambiri zinaonongeka, ndipo anthu a ku America anataya cikhulupiriro pa dizilo kwa zaka zambiri.

Matumba asanu pa mawilo akutsogolo

Kusiyana kwa kulemera kuoneka bwino ndi citsanzo ici. Injini ya petulo ya masilinda 8 imene Chevrolet inatulutsa mu 1955 ilemera makilogalamu pafupifupi 250. Injini ya dizilo ya Cummins ya malita 5.9, imene anthu ena okonda magalimoto akale ku America amaikamo, ilemera pafupifupi makilogalamu 500. Kusiyana kwace ndi matumba asanu a cimanga a makilogalamu 50. Mlimi adziwa kuti matumba asanu akaunjikidwa kutsogolo kwa ngolo, goli limatsamira makosi a ng'ombe. Matumba a m'ngolo amatsitsidwa madzulo, koma injini sitsitsidwa.

Oyamba kumva katunduyo ndi masipuling'i akutsogolo. Amaphwa, galimoto imaweramira pansi, ndipo citsulo cosungira oilo pansi pa injini cimagunda miyala ndi zitunda za mumseu. Ciongolero cimauma, matayala akutsogolo amadyeka msanga, ndipo pokhota galimoto imafuna kupitirira kutsogolo. Cimene cimathandiza magalimoto ambiri a ku America a nthawi imeneyo ndi cakuti thupi lao linamangidwa pa chasisi ya zitsulo ziwiri zazitali, pamene makanika angathe kuocherera mipando yatsopano ya injini. Koma citsulo ca zaka 65 cikhoza kukhala ndi dzimbiri mkati ngakhale utoto wa kunja ukunyezimira. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Amakanika ambiri a ku Cuba amasankha injini za dizilo za masilinda 4, zimene kulemera kwace sikusiyana kwambiri ndi kwa injini imene inacotsedwamo.

Mabuleki ndiwo moyo

Coopsa kopambana ciri pa mabuleki. Magalimoto a m'ma 1950 anali ndi mabuleki a dilamu pa mawilo onse anai, ndipo mafuta a mabuleki anali kuyenda m'njira imodzi cabe. Paipi imodzi ikaboka, mabuleki onse anali kufa nthawi yomweyo. Mabuleki a dilamu akatentha pa mtsetse wautali amaleka kugwira bwino, ndipo katundu akaculuka amatentha msanga.

Palinso cina cimene osadziwa amaiwala. Injini ya petulo imakoka mpweya mwa njira yakuti kukokako kumagwiritsidwa nchito kuthandiza phazi la woyendetsa poponda mabuleki. M'magalimoto ambiri akale kukoka komweko ndiko kunali kuyendetsa zopukutira mvula pa galasi. Injini ya dizilo siikoka motero. Pafunika pampu yapadera, apo ayi mabuleki amauma ngati mwala. Ndiponso woyendetsa akacotsa phazi pa mafuta potsika phiri, injini ya dizilo siigwira galimoto monga icitira ya petulo, motero nchito yonse imatsalira mabuleki. Galimoto yotere ikadzaza ndi anthu, yopanda malamba omangira monga analiri magalimoto ambiri a nthawi ija, kulakwa kwa makanika kumalipidwa ndi okwera.

Magiya, magetsi ndi utsi

Injini ya dizilo imazungulira pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Ya petulo ija ya Chevrolet inali kupereka mphamvu yace yonse pozungulira koposa ka 4,000 pa mphindi, pamene ya Cummins, mmene inaikidwira m'magalimoto a Dodge mu 1989, inali kupereka yace pa 2,500. Zotsatira zace ndi ziwiri. Coyamba, giyabokosi ndi difu zakale zikasiyidwa, injini imalira kwambiri koma liwiro liri locepa. Caciwiri, mphamvu yopotokola ya dizilo imathyola mano a magiya amene sanapangidwire katundu wotere. Makanika wanzeru amabweretsa injini pamodzi ndi giyabokosi yace, nasinthanso difu.

Magetsi naonso afunika kusinthidwa. Magalimoto a Chevrolet anali ndi magetsi a mavoti 6 kufikira 1954, ndipo a Ford kufikira 1955. Mphamvu yotere siingatembenuze injini ya dizilo. Pafunika batire yaikuru ya mavoti 12, mawaya onenepa, ndiponso pa injini zambiri mapulagi otenthetsa polizira m'mawa. Thanki iyenera kutsukidwa, paikidwe paipi yobwezera mafuta otsala ku thanki, ndi sefa yolekanitsa madzi, pakuti madzi amaononga pampu ya dizilo, cimene ndi cimodzi ca zipangizo zodula kwambiri pa injiniyo. Kugwedeza kwa dizilo kumamasula mabauti ndi kung'amba pooceredwa mosasamala.

Utsi sulinso cinthu copepuka. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. M'galimoto yobooka pansi, utsiwo umalowa mmene mwakhala anthu.

Zoyenera kulingalira

Phindu la dizilo limaoneka kwa amene galimoto yace imayenda tsiku ndi tsiku, monga oyendetsa matakisi a ku Havana, pakuti ndalama zopulumutsidwa pa mafuta zimabweza pang'onopang'ono zimene zinaonongedwa pa nchitoyo. Kwa amene amayenda mwa kamodzikamodzi, ndalamazo sizibwerera. Ndiponso anthu osunga magalimoto akale monga cuma amalipira zambiri pa galimoto imene ikali ndi injini yace yobadwa nayo.

M'Zambia muno, mmene magalimoto okalamba akali kunyamula anthu ndi zokolola m'misewu ya kumidzi, mwini galimoto wolingalira zosintha injini acita bwino kuwerengera mtengo wa masipuling'i, mabuleki, giyabokosi, difu ndi batire asanagule injiniyo. Nambala ya injini imalembedwa m'buku la galimoto lochedwa White Book, motero bungwe la Road Transport and Safety Agency liyenera kudziwitsidwa za kusinthako, pamodzi ndi kampani ya inshuwalansi. Safunsa anadya phula. Ngati ndalama zikwanira injini yokha, ndi bwino kuyamba ndi mabuleki, injiniyo idikire caka camawa.