OJAMBULA ZITHUNZI ZA M'NYUZIPEPA APHUNZIRA NCHITO YATSOPANO

Pa 30 May m'caka ca 2013, akuluakulu a nyuzipepa yochedwa Chicago Sun-Times, ya mumzinda wa Chicago ku America, anaitana anchito onse a cigawo ca zithunzi ku msonkhano. Msonkhanowo sunatalike. Anthu 28 anauzidwa kuti nchito yao yatha. Eni nyuzipepayo anafotokoza kuti owerenga a masiku ano afuna kwambiri zithunzi zoyenda, zimene zichedwa vidiyo, ndipo ndalama ziyenera kupita kumeneko. Atolankhani olemba ndiwo anauzidwa kuti aphunzire kujambula ndi foni ya iPhone.

Pakati pa ocotsedwawo panali a John H. White, mkulu amene anatumikira nyuzipepayo zaka 35, ndipo m'caka ca 1982 analandira mphotho ya Pulitzer, imene ndiyo ulemu waukulu koposa kwa mtolankhani wa ku America. Mbiri imeneyi inamveka m'maiko ambiri, ndipo ojambula zithunzi anayamba kufunsana kuti: ngati munthu wa luso lotere acotsedwa, adzatsala ndani?

Tsokali silinagwere a ku Chicago okha. Ciwerengero ca bungwe la akonzi a manyuzipepa ku America cinaonetsa kuti m'caka ca 2000 munali ojambula zithunzi ndi anzao a nchito zofanana okwana 6,171 m'manyuzipepa a dzikolo, koma pofika 2012 anatsala 3,493 cabe.

MMENE NCHITOYI INALILI KALE

Masiku akale wojambula zithunzi anali kuyenda ndi kamera ndi mipukutu ya filimu. Mpukutu umodzi unali kutenga zithunzi 36, motero munthu sanali kujambula cisawawa. Anali kudikira kufikira nkhope ya munthu, dzanja lake ndi kuwala kwa dzuwa zitagwirizana, ndipo pamenepo ndiye anali kutsinira cala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu unali ngati lamulo la nchitoyi.

Atabwerera ku ofesi anali kulowa m'cipinda camdima kukatsuka filimu m'mankhwala, kuiyanika, ndi kusindikiza zithunzi papepala. Pa zithunzi zonsezo mkonzi anali kusankhapo cimodzi kapena ziwiri, ndipo m'mawa mwake anthu anali kuziona m'nyuzipepa.

Kusintha kunayamba pamene kamera yosafuna filimu inapangidwa. Woyamba kuipanga anali Steven Sasson wa kampani ya Kodak m'caka ca 1975, koma panapita zaka zoposa 20 manyuzipepa ambiri asanatseke zipinda zao zamdima. Kodak yeniyeniyo, imene inalemera ndi malonda a filimu, inagwa m'ngongole mu January 2012 ndipo inapempha bwalo la milandu kuti liichinjirize.

Cinthu caciwiri cinali intaneti. Amalonda amene anali kulengeza katundu wao m'manyuzipepa anasamukira kumeneko, ndipo ndalama za manyuzipepa zinacepa. Rocky Mountain News ya mumzinda wa Denver, imene inayamba mu 1859, inasindikiza kotsiriza pa 27 February, 2009, patangotsala miyezi iwiri kuti ikwanitse zaka 150. Anchito ake anajambula vidiyo yosimba za masiku otsiriza a nyuzipepa yao, ndipo anaiika pa intaneti kuti anthu aione.

KAMERA IMODZI, NCHITO ZIWIRI

Ojambula ena anaona msanga kumene mphepo inali kulowera. Sitepe loyamba linali kuphatikiza zithunzi zoima ndi mau. Mu 2005 Joe Weiss wa ku America anakonza pulogalamu ya pakompyuta yochedwa Soundslides, imene inathandiza wojambula kundandalika zithunzi zake kuti ziziyenda cimodzi-cimodzi pamene mwini nkhani alikulankhula. Mwa njira yofanana ndi imeneyi, The New York Times mu 2009 inafalitsa mbiri za anthu wamba 54 a mumzinda wa New York pa mutu wakuti "One in 8 Million". Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera, aliyense anasimba moyo wake ndi pakamwa pake, ndipo nchitoyo inalandira mphotho ya Emmy, imene nthawi zambiri ipita kwa a wailesi ya kanema.

Caka ca 2008 ndico cinagwetsa mpanda wolekanitsa wojambula zithunzi ndi wojambula kanema. Kampani ya Nikon inatulutsa kamera ya D90, ndipo Canon inatulutsa EOS 5D Mark II. Makamera awiriwa anali a zithunzi zoima, koma anali kuthanso kujambula vidiyo. Vincent Laforet, amene kale anali wojambula wa The New York Times, anabwereka kamera ya Canon isanafike m'masitolo najambula nayo kanema wamfupi wochedwa "Reverie" m'masiku owerengeka. Akonzi ataona kukongola kwake anaganiza kuti munthu mmodzi angathe kubwera ndi zonse ziwiri pa ulendo umodzi. Pofika 2011 bungwe la World Press Photo la ku Amsterdam, limene lipereka mphotho kwa ojambula a padziko lonse, linatsegula mpikisano wa nkhani zophatikiza zithunzi, mau ndi vidiyo.

MAVUTO A NCHITO YATSOPANO

Ngakhale kamera ndi imodzi, nchito ziwirizi zisiyana monga kusaka nyama kusiyana ndi kuweta ng'ombe. Wojambula cithunzi coima afuna kamphindi kamodzi kokha kamene kanena zonse. Wa vidiyo afuna nkhani yokhala ndi ciyambi, pakati ndi mapeto. Pa sekondi iliyonse kamera yake itenga zithunzi 24, 25 kapena 30, ndipo ikagwedezeka woonerera amva cizungulire. Cifukwa cake ayenera kuimika kamera pa miyendo itatu, kujambula malo onse ali patali, kuyandikira, ndi kujambulanso manja ndi nkhope, kuti pambuyo pake zidutswazo zilumikizike bwino.

Vuto lalikulu ndilo mau. Anthu amene kwa zaka zambiri anaphunzitsa maso ao anayenera tsopano kuphunzitsa makutu. Cithunzi coima siciopa mphepo, kulira kwa cigayo kapena phokoso la galimoto, koma zimenezi ziononga vidiyo. Woonerera angapirire zithunzi zosaoneka bwino, koma mau osamveka sawapirira. Motero m'cola ca wojambula munalowa maikolofoni ndi zomvera m'makutu. Amene kale anali kuima pambali osalankhula anayenera kuphunzira kufunsa mafunso, ndi kukhala cete pamene wofunsidwa alikuyankha.

Palinso cosankha cowawa. Cinthu cacikulu cikacitika mwadzidzidzi, cala cili cimodzi: kodi atenge cithunzi ca tsamba loyamba, kapena apitirize vidiyo? Ambiri anadandaula kuti pothamangitsa zonse ziwiri anali kubwera ndi nchito yosakhwima mbali zonse. Ku wailesi ya kanema nkhani imodzi kale inali kutumidwira mtolankhani, wa kamera ndi wa mau, ndipo wina anali kuidula ndi kuilumikiza. Manyuzipepa anasenzetsa katundu yenseyo munthu mmodzi, ngakhale kuti mutu umodzi susenza denga. Vidiyo ya mphindi zitatu ingadye tsiku lathunthu pakompyuta.

Lamulo la cilungamo nalo linayesedwa. Wojambula wa nyuzipepa saloledwa kuuza munthu kuti abwereze zimene anacita kuti kamera ione bwino, cifukwa cithunzi cotero ndi bodza. Pa vidiyo ciyeso cimeneci cikula, popeza kacidutswa kamodzi kakasowa nkhani siilumikizika. Nyimbo yacisoni yoikidwa pansi pa zithunzi, kapena mau a munthu odulidwa pakati, zingasinthe tanthauzo la zimene zinacitika.

MWANA WA AFRICA ANATSOGOLA

Kugwira nchito ziwirizi pamodzi sikunayambire ku America. Mohamed Amin, wobadwira ku Nairobi mu 1943, anayambitsa kampani ya Camerapix ku Dar es Salaam mu 1963, ndipo anali kujambula zithunzi zoima ndi kanema yemwe. Mu October 1984 anafika ku Korem m'dziko la Ethiopia pamodzi ndi Michael Buerk wa BBC, najambula anthu zikwizikwi amene anali kufa ndi njala. Kanemayo ataonetsedwa pa 23 October, maiko anadzidzimuka, ndipo oimba anasonkhanitsa ndalama zothandizira kudzera mu Band Aid ndi Live Aid ya mu 1985. Amin anaduka dzanja mu 1991 pamene nkhokwe ya zida za nkhondo inaphulika ku Addis Ababa, koma anabwerera pa nchito ndi dzanja lopanga. Anamwalira pa 23 November, 1996, ndege ya Ethiopian Airlines imene inalandidwa ndi acifwamba itagwera m'nyanja pafupi ndi zisumbu za Comoros.

Moyo wake uonetsa kuti mphamvu ya nkhani ili mwa munthu wogwira kamera: kufika pamalo, kudziwa coyenera kuyang'ana, ndi kulemekeza anthu amene alikujambulidwa.

KUTHAMANGA SIKUFIKA

Zaka zotsatira zinaonetsa kuti eni manyuzipepa ena anafulumira. Ku Chicago, owerenga anayamba kuika masamba oyamba a Sun-Times pambali pa a Chicago Tribune, imene inasunga ojambula ake, ndipo kusiyana kwake kunaoneka poyera. Pambuyo pa kukambirana ndi bungwe la anchito, ojambula anai anabwezedwa pa nchito mu 2014. Ku France, nyuzipepa ya Libération pa 14 November, 2013, inatuluka yopanda zithunzi pa nkhani zake. M'malo mwa zithunzi munali mabokosi oyera opanda kanthu, kuti anthu aone mmene nyuzipepa ikhalira popanda ojambula.

Mu 2016 kampani ya Facebook inavomera kuti inali kukuza ciwerengero ca nthawi imene anthu anali kuonerera mavidiyo, cifukwa siinali kuwerengera amene anaonerera kosakwana masekondi atatu. Mu 2019 inagwirizana kulipira madola 40 miliyoni kwa amalonda amene anaisumira. Makampani angapo a nkhani amene anacotsa olemba ao pothamangira vidiyo sanapeze phindu limene anayembekeza.

Komabe vidiyo siinabwerere m'mbuyo. Mu May 2020 mtsikana wa zaka 17, Darnella Frazier, anajambula ndi foni yake imfa ya George Floyd m'manja mwa apolisi ku Minneapolis. Vidiyoyo inakhala umboni m'bwalo la milandu, ndipo mu 2021 a mphotho ya Pulitzer anamupatsa ulemu wapadera.

Kuno ku Zambia, akuluakulu a m'midzi akumbukira magalimoto a Zambia Information Services amene anali kubweretsa baisikopo pabwalo madzulo. Lero zithunzi zoyenda zifika m'mudzi kudzera pafoni, ndipo manyuzipepa a m'dziko muno naonso aika mavidiyo pa masamba ao a Facebook. Koma pafoni pomwepo pafikanso mavidiyo akale onamiziridwa kuti ndi a dzulo, ena a kumaiko akutali onenedwa kuti ndi a ku Cipata kapena ku Petauke, ndi ena opangidwa ndi kompyuta. Wojambula wa nyuzipepa alemba dzina lake, tsiku ndi malo pansi pa nchito yake, ndipo akanama ayenera kuyankha kwa mkonzi ndi kwa owerenga. Cimeneci ndico asunga pamene alikuphunzira maikolofoni ndi kompyuta, ndipo ndico cifukwa cake mlimi, mphunzitsi ndi mfumu ayenera kufunsa za vidiyo iliyonse yofika pafoni: anaijambula ndani, liti, ndipo kuti?