Timatumba ndi Masewera a Ana pa Tchuthi cha Disembala

Sukulu zikangotsekera mu Disembala, mipanda ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona imadzaza ndi ana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mvula ikayamba amathawira pakhonde, ikakata abwereranso m'matope. Nawo maokala ndi mabenchi a m'mbali mwa msewu amasintha maonekedwe: mabotolo a maswiti a mitundumitundu, maswiti a kamtengo, mabisiketi, mafilizesi, mabaluni ndi makombola. Mwana aliyense amadziwa kuti pa 25 Disembala ndi pa 1 Januwale pamayenera kukhala kenakake, ndipo kholo limene lilibe kanthu kom'patsa limamva kuwawa kwake.

M'mabanja mwathu timasiyana kachitidwe. Ena sachita phwando la Khirisimasi n'komwe, ena amakonza kaphwando kotsekera chaka ka ana a Sukulu ya Sabata kapena a Adventurers, ena amangosonkherana ndi anansi a mumpanda. Koma tonse timafika pa funso limodzi: m'kathumba ka mwanayu tiikemo chiyani? Kum'letseratu maswiti pamene anzake onse akunyambita sikuthandiza kwenikweni. Amakapempha kwa anansi kapena amadyera kuseri kwa bafa. Ife tikuona kuti ndi bwino kuti maswiti akhalepo ochepa, koma maonekedwe ake, mitundu yake ndi chisangalalo chake zidzaze tsiku lonse.

Tiyambe ndi shuga weniweniyo. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku limodzi, ndipo zikhala bwino koposa akatsika mpaka pansi pa 5 peresenti. Kwa munthu wamkulu, 10 peresenti ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni aang'ono 12, ndipo 5 peresenti ndi masupuni 6. Mwana wamng'ono amadya zochepa kuposa wamkulu, choncho muyeso wake umatsikanso. Tsono botolo limodzi la 300 ml la chakumwa cha mtundu wa kola limakhala ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Mwana amene wamwa tiyi wa shuga m'mawa, botolo limodzi masana, n'kuwonjezera maswiti ndi filizesi, wadutsa kale muyeso phwando lisanafike pakati.

Pa nkhani ya mano, chimene chimawononga kwambiri ndi kudya pafupipafupi. M'kamwa mwathu muli tizilombo timene timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino kwa mphindi 20 kapena kuposerapo nthawi iliyonse imene shuga walowa. Malovu amakonzanso dzinolo pang'onopang'ono, koma amafuna nthawi yopuma. Mwana amene wadya maswiti anayi nthawi imodzi atangomaliza nsima, mano ake avutika kamodzi. Amene wasunga maswiti anayi omwewo m'thumba la kabudula n'kumanyambita limodzi limodzi mpaka madzulo, mano ake akhala mu asidi tsiku lonse. N'chifukwa chake switi wa kamtengo, amene amakhalitsa m'kamwa, ndi tofi womatirira m'mano ndiwo oopsa kwambiri ngakhale amaoneka aang'ono. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Sukulu yowaphunzitsa idayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Dzino la mwana likabooka, kawirikawiri limafika kuchipatala litawawa kale, ndipo chotsala chimakhala kulizula.

Ndiye timatumba tija. Disembala ndi nyengo ya mango ndi masuku, ndipo m'misika ngati wa Nsungwi ku Area 25 kapena wa ku Kawale zipatsozi zimakhala mbwee. Bango limodzi lotsukidwa bwino limadzaza theka la kathumba. Mbuliwuli ndi bwenzi la kholo losauka: kapu imodzi ya chimanga chake imadzaza beseni, ndipo mchere pang'ono ndi wokwanira. Mtedza wokazinga nawo ndi wabwino, makamaka kwa a ku Mgona kumene malonda a mtedza ndi ochuluka, koma tiusankhe tisanakazinge. Njere zofota, zosweka, zakuda kapena zowawa tizitaye osaumira, chifukwa mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo moto wokazingira sum'chotsa. Malambe ali ndi vitamini C wambiri ndipo ana amawakonda okha popanda kuwapaka shuga ndi utoto. Tikhoza kuwonjezera kachidutswa ka chigumu chophikidwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, chifukwa nthochi zotere zimachepetsa shuga wofunika. Pamwamba pake, switi mmodzi kapena awiri, osankhidwa bwino.

Apa pafunika chenjezo lomwe sitilinena mokwanira. Mwana wosakwana zaka zisanu asapatsidwe mtedza wathunthu, mbuliwuli, maswiti olimba kapena malambe okhala ndi njere, chifukwa zimatsamwitsa, makamaka mwana akamadya uku akuthamanga kapena kuseka. Zidutswa za baluni lophulika nazonso zimatseka kukhosi. Timatumba ta ana aang'ono tizikhala tawotawo, ta nthochi ndi chigumu chofewa, ndipo timangidwe ndi chingwe cha mtundu wina kuti tisasokonezeke pogawa. Wosakwana zaka ziwiri safunika switi ayi.

Sikuti chilichonse cha m'kathumba chikhale chodyedwa. Sukulu zimatsegulira mu Januwale, nthawi imene m'matumba mwa makolo mumakhala mwauma. Pensulo, chofufutira kapena kope laling'ono zimasangalatsa mwana lero ndipo zimapeputsa kholo lake mwezi wamawa.

Kathumba kenikeniko tisoke kapena timate tokha. Boma lidaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti la Supreme lidavomereza chiletsocho mu 2019. Aliyense amene adaona ngalande za m'makwalala athu zitatsekeka ndi majumbo mvula itagwa sasowa womufotokozera chifukwa chake. Atelala a m'misika amakhala ndi zidutswa za zitenje zimene amazitaya kapena kugulitsa motchipa, makamaka mwezi uno pamene akusoka zovala za Khirisimasi usana ndi usiku. Kansalu kakakulu ngati mpango wa m'manja, kosokedwa mbali ziwiri n'kulowetsa chingwe pakamwa pake, ndi kathumba kokongola kamene mwana adzasungiramo mapensulo chaka chonse. Atsikana ndi anyamata a msinkhu wa Pathfinder akhoza kusoka okha pamanja. Makalendala a chaka chothachi amapanganso timatumba tolimba. Koma nyuzipepala ndi mapepala a simenti zisakhudze chakudya: inki ndi fumbi la simenti si ndiwo.

Ntchito imene imatenga ana masiku angapo ndi yopanga maswiti abodza okongoletsera. Tengani pepala, likwinyeni likhale kampira, likulungeni ndi pepala la mtundu wowala n'kupotokola mbali zonse ziwiri, basi switi wapangika. Timakatoni tozungulira ta m'kati mwa mapepala a kuchimbudzi timapanga maswiti akuluakulu. Katoni yodulidwa mozungulira ngati chivindikiro cha ndowa, yojambulidwa mzere wozungulirazungulira n'kumatidwa pa kansungwi, imasanduka switi wa kamtengo wotalika ngati mwanayo, woti n'kuzika pakhomo. Guluu wogula si wofunika: ufa wa chinangwa kapena wa tirigu wophikidwa ndi madzi ngati phala lopyapyala umamata bwino ukazizira. Zokutira za maswiti zimene zimangouluka m'misewu, zikatsukidwa ndi sopo n'kuyanikidwa, zimatungidwa pa ulusi n'kukhala mkanda wopachika pakhonde. Sizasi azigwira ndi akuluakulu kapena ana osinkhukirapo, ndipo lezala isapezeke n'komwe pamphasa imeneyo.

Maswiti abodza omwewa ndiwo amayendetsa masewera. Tisanawakulunge tilembemo kapepala: chilape, funso la m'Baibulo kwa ana a Sukulu ya Sabata, kapena lamulo loseketsa monga kudumpha ndi mwendo umodzi mpaka pampopi. Kenako tiwabise m'mpanda monse, ana asake. Wopeza amamasula, amawerenga mokweza, gulu lake limayankha. Masewera ena amene amasekesa ngakhale agogo ndi olawa atamangidwa m'maso: bwemba, malambe, masuku, mango, ndimu pang'ono, ndipo mwana anene chimene walawa. Ana ambiri obadwira m'tauni muno amalephera pa bwemba, n'kumakwinya nkhope anzawo akufa ndi phwete. Mpikisano wothamanga ndi ndimu pa supuni sufuna ndalama. Phada, jingo ndi fulaye ana amazidziwa kale; ntchito yathu n'kungosesa bwalo ndi kuonetsetsa kuti aang'ono nawo apatsidwa mpata. Mvula ikasokoneza, thumba lokutidwa kambirimbiri liziyenda m'manja pakhonde uku wina akuwomba m'manja, ndipo kuwombako kukaleka, amene walisunga amachotsa chikuto chimodzi.

Pali masewera amene timaona m'mavidiyo a kunja omwe sitikuwalimbikitsa: kuluma chipatso choyandama m'beseni limodzi la madzi, kapena kufufuza switi ndi pakamwa m'mbale ya ufa. Ino ndi nyengo ya matenda otsegula m'mimba. Sitinaiwale kolera amene adayamba mu Malichi 2022, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira kwa sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023. Choncho mwana aliyense akhale ndi supuni ndi kapu yake, ndipo pakhomo pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, wamkulu mmodzi aime pomwepo. Ngati tikupanga chakumwa cha malambe kapena mafilizesi athu, madzi ake akhale owiritsa kapena othira kolorini, ngakhale atatungidwa pa kiyosiki, chifukwa amatha kuipa m'ndowa ndi m'makapu otungira.

Chomaliza ndi chiwerengero, ndipo apa mpamene maphwando ambiri a m'makwalala amasokonekera. Mukaitana ana khumi, kukafika makumi atatu, ena atabereka ang'ono awo kumbuyo. Palibe mpanda wa njerwa kapena wa udzu umene ungabise fungo la mbuliwuli. Mphoto za opambana okha zimasiya ena akulira, choncho wopambana angopatsidwa ulemu wosankha kathumba koyamba, koma aliyense apite ndi kake. Tikonze timatumba towonjezera, ndipo beseni lina la mbuliwuli likhale m'nyumba kudikira alendo osaitanidwa. Mabanja atatu kapena anayi akasonkherana, wina mango, wina makala ndi mafuta, wina nsalu, mtolo umapepuka. Timatumba tigawidwe ana atangomaliza kudya chakudya chenicheni, switi adyedwe pomwepo, atsirize ndi madzi akumwa. Madzulo ake, ngakhale atatopa bwanji, asagone asanatsuke mano ndi mswachi ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo kwa osakwana zaka zisanu ndi ziwiri mswachiwo ugwiridwe ndi wamkulu.