Duwa la mawanga a kambuku silidzalidwa m'dothi

Mwera ukayamba kuwomba mu Juni, udzu utauma, ine ndimayenda maso ali m'mwamba. Pa mphanda za mitengo ikuluikulu ya kuno ku Katuli, ngakhalenso pa migwalangwa ya kumunsi kunyanja, pamakhala chitsamba cha mapesi onenepa, a mfundomfundo ngati nzimbe. Chaka chonse palibe amachilabadira. Koma nyengo yachisanu chimaphuka maluwa ambirimbiri onunkhira, achikasu, a mawanga ofiirira ngati a kambuku, ndipo amatha masabata angapo asanafote. Ife a ntchito ya zomera timachitcha Ansellia africana, umodzi mwa mitundu ya ma orchid yoposa 400 imene ili m'Malawi muno. Dzinali analipereka ndi John Lindley mu 1844, polemekeza John Ansell amene anatola chomerachi pa chilumba cha Fernando Po, chomwe lero ndi Bioko.

Anthu amaganiza kuti orchid ndi duwa lovuta, la m'mahotela, lofuna katswiri. Ayi ndithu. Limeneli limapirira chilimwe cha ku Mangochi popanda wolithirira. Likafika pakhomo, chimene chimalipha ndi chifundo chathu.

Munthu amalitenga, n'kukumba dzenje, kuthiramo manyowa a khola, n'kumalithirira m'mawa ndi madzulo. Pakatha mwezi mapesi ada, mizu yaola. Ndiye amabwera kwa ine: "Alangizi, kodi ndalakwitsa pati poti madzi sindinaphonyepo?" Palakwika pomwepo. Zoona alipo ma orchid omera pansi, monga aja timakumba kupangira chikande, koma ili ndi la mumtengo. Mizu yake inakutidwa ndi khungu loyera lofewa limene limamwa msanga madzi a mvula ndi mame, kenako limafuna kuuma ndi mphepo. Mukaikwirira m'dothi lonyowa imabanika. Madzi a chilimwe limasunga lokha m'mapesi aja.

Chimene ndimachikonda kwambiri pa chomerachi ndi mizu ina yopyapyala imene imakula choloza kumwamba, yothinana zedi. Masamba ogwa mumtengo, fumbi ndi zitosi za mbalame zimakodwa m'menemo, n'kumaola pang'onopang'ono. Chakudya chake ndi chimenecho. Ena amaidula poyesa kuti ndi zinyalala zonyansitsa duwa. Isiyeni. Musaopenso kuti liumitsa mtengo wanu. Silili ngati zomera zija za zipatso zomata zimene anyamata amapangira ulimbo, zomwe zimalowetsa mizu m'nthambi n'kumayamwa madzi a mtengo. Ili limangokangamira pa khungwa basi.

Kadzalidwe kake n'kosavuta. Dikirani maluwa afote, ndipo mvula ikayandikira, mphukira zatsopano zikuoneka, patulani chigawo cha mapesi osachepera atatu ndi mpeni wakuthwa, woyera. Phesi limodzi lokha limachedwa kwambiri kupeza mphamvu. Chimangeni zolimba pa mphanda ya mtengo wa khungwa lokhakhala ndi chingwe cha khonje kapena luzi, kuti chisagwedezeke. Chikamagwedera mizu yatsopano imathyoka nsonga. Mango ndi wabwino, bola mbali imene dzuwa limafika. Bulugamu ayi, chifukwa amasupula makungwa n'kutaya duwa lanu pansi. Ngati mtengo mulibe, tengani mphika wobowolabowola, muikemo zibenthu za njerwa, makala ndi makungwa ouma, opanda dothi ngakhale pang'ono.

Nthawi zambiri limene limakana kuchita maluwa limakhala pamthunzi wandiweyani. Masamba akabiriwira moderako, dzuwa lachepa. Ayenera kukhala obiriwira mowalirako. Chinanso ndi madzi. Kuyambira mu Meyi chepetsani kuthirira kwambiri, chifukwa kuuma kwa nyengo imeneyi n'kumene kumalikonzekeretsa kuphuka. Feteleza, ngati mwafuna, akhale wosungunula mochepa zedi, nthawi ya dzinja yokha. Tizilombo tomata pamasamba pukutani ndi kansalu ka madzi a sopo.

Za njere musavutike nazo. Ndi zazing'ono kwambiri, zouluka ndi mphepo, ndipo zilibe chakudya m'kati. Kuti imodzi imere imafuna nkhungu ya mtundu wake yoidyetsa, ndipo pamapita zaka chomeracho chisanachite maluwa. N'chifukwa chake chitsa chachikulu chimene mumachiona mumtengo n'chakale, ndipo chikazulidwa sichibwerera msanga.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu. Kukanganula chitsa chonse m'nkhalango yotetezedwa ngati ya Namizimu popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la nkhalango la 1997, ndipo kutumiza orchid kunja kwa dziko kumafuna chiphaso cha pangano la CITES. Njira yabwino ndi kupempha chigawo kwa mnansi amene ali nalo kale. Kapena mukamva kuti wina wagwetsa mtengo m'munda mwake uli ndi chitsamba chimenechi, pitani msanga mukachipemphe chisanapse ndi dzuwa kapena kulowa mu uvuni wa makala. Chikafika pakhomo chiyambe chakhala pamthunzi wopepuka kwa masabata ochepa, mapesi oola muwadule, kenako muchimange pamalo pake.