Ulendo Wokaona Nyama m'Chigwa cha Luangwa

Mtsinje wa Luangwa uchokera ku mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa Zambia, nutsika m'chigwa chachikulu kufikira utathira mu Zambezi, pafupi ndi pamene malire a Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe akomana. M'chigwa chimenechi muli nkhalango ya South Luangwa, imene Boma linaipatula m'chaka cha 1938 kuti nyama zisaphedwemo, ndipo mu 1972 inasanduka paki. Munthu wochokera ku Chipata, mzinda umene kale unkatchedwa Fort Jameson, ayenda mailosi pafupifupi 80 kuti akafike pa Mfuwe, pamene pali mlatho wolowera m'nkhalangomo.

Choyamba chimene wapaulendo ayenera kudziwa ndicho nyengo. Pa dzinja mtsinje usefukira, dothi lakuda la m'chigwa lisanduka matope, ndipo misasa yambiri ya alendo itsekedwa. Nyama nazo zibalalika, pakuti madzi ali ponseponse ndipo udzu uzibisa. Koma kuyambira mwezi wa Juni matamanda ayamba kuphwa, tsono njovu, njati, mbidzi ndi nswala zikakamizika kutsikira kumtsinje, kumene mikango izidikira. Pofika Okutobala mvuu zithinana m'maiwe otsala, ng'ona zili ngundangunda pamchenga. Mwezi umenewu nyama zioneka zambiri koposa, koma dzuwa liotcha zedi, kotero kuti nkhalamba ndi ana achita bwino kupita mu Julayi kapena Ogasiti, kusanatenthe.

Chachiwiri ndicho khalidwe, pakuti wolowa m'nkhalango walowa pamudzi pa eni. Amene ali m'galimoto asatsike popanda chilolezo, chifukwa mkango umene sulabadira galimoto uzindikira msanga munthu woimirira. Oyenda pansi atsogozedwa ndi mlonda wonyamula mfuti, nayenda mondondozana, mwakachetechete, mphepo ikuwaomba kumaso kuti fungo lawo lisafike kwa nyama. Munthu asaime pakati pa mvuu ndi madzi, kapena pakati pa njovu ndi mwana wake. Akakomana ndi mkango asathawe, pakuti chothawa ndicho mkango uthamangitsa. Angoima duu, namvera mlonda. Zovala zakuda ndi zobiriwira ngati thambo ziitana kashembe, ndipo usiku ayenera kugona m'neti poopa malungo. Wofulumira abwerako ataona fumbi lokha. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu ndicho ndalama zolipira pachipata, zimene ena amadandaula nazo. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti gawo la dziko lake lipatulidwe, namangapo msasa wa alendo, ndipo ndalama za alendowo zinkapita kwa anthu a mfumuyo. Nzeru yake inali yakuti munthu amene njovu imdyera chimanga sangaisunge ngati siimpatsa kanthu. Kumene alonda achepa, opha nyama mozemba achuluka. Zipembere zinali zambiri m'chigwachi, koma zinaphedwa chifukwa cha nyanga zake, ndipo mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse zatha. Mu 2003 anachita kutenga zina ku South Africa kukaziika ku North Luangwa, kumene azilonda usana ndi usiku.

Chifukwa chake mlendo akalipira pachipata, akagona pa msasa wolemba ntchito anthu a komweko, nakana kugula kanthu kalikonse kosema ndi mnyanga wa njovu, wathandiza kuti chimene chinagwera chipembere chisagwerenso nyama zina. Mwa izo muli nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'chigwa cha Luangwa mokha. Akatha uyo, palibe dziko lina kumene angakamtenge.