Zoyenera kutsata poika pulogalamu ya kaundula pa makompyuta a muofesi

Ofesi ikalemba katswiri kuti akonze pulogalamu yosungira kaundula wa katundu, wa antchito kapena wa makalata, ambiri amayesa kuti ntchito yatha pamene pulogalamuyo yayamba kuyenda pa kompyuta ya katswiriyo. Komatu mavuto ambiri amabuka pa gawo lotsatira, lomwe ndi kulongedza pulogalamuyo ndi kuiika pa makompyuta a anthu amene aziigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Chitsanzo chabwino ndi Microsoft Access, yomwe inatuluka koyamba m'chaka cha 1992, ndipo maofesi ambiri ang'onoang'ono amapangiramo makaundula awo.

Ena amangokopera fayilo yonse pa kompyuta iliyonse. Zikatero kalaliki aliyense amalemba m'kaundula wakewake, ndipo pakutha pa mwezi ofesi imapezeka ndi makaundula angapo otsutsana. Ena amaika fayilo imodzi pa netiweki kuti onse azitsegula yomweyo, koma izi zimachedwetsa ntchito komanso zimakulitsa mwayi woti fayiloyo iwonongeke magetsi kapena netiweki zikaduka munthu ali mkati molemba.

Njira yodalirika ndiyo kugawa pulogalamuyo pawiri. Fayilo yoyamba imasunga zolembedwa zokhazokha ndipo imakhala pa seva. Yachiwiri imakhala ndi mafomu, malipoti ndi malamulo oyendetsera pulogalamu, ndipo wantchito aliyense amalandira yake pa kompyuta yake. Mwanjira imeneyi, katswiri akakonza cholakwika pa fomu amangotumiza fayilo yachiwiriyo, kaundula weniweniyo osakhudzidwa konse.

Polumikiza mafayilo awiriwa nkofunika kulemba dzina lonse la seva ndi foda, osati chilembo chongoimira monga Z, chifukwa chilembo chomwecho chikhoza kuloza malo ena pa kompyuta ya mnzako.

Isanagawidwe, fayilo ya mafomu imasinthidwa kuchoka ku mtundu wa ACCDB, omwe unayamba ndi Access 2007, kupita ku mtundu wa ACCDE. Mtundu umenewu umatseka mafomu, malipoti ndi malamulo kuti wina asawasinthe mwadala kapena mwangozi. Apa akuluakulu oona zogula katundu ndi ntchito ayenera kuchenjera. Mafomu a mu ACCDE sasinthikanso, choncho mgwirizano uyenera kunena kuti katswiri apereke ku ofesi fayilo yoyambirira ya ACCDB. Popanda fayiloyi, katswiriyo akachoka ofesi imatsala ndi pulogalamu yomwe singakonzedwe.

Sikuti kompyuta iliyonse imafuna Access yogula. Kampani ya Microsoft imapereka Access Runtime, yomwe yakhala yaulere kuyambira m'chaka cha 2007. Imeneyi imatsegula pulogalamu yopangidwa kale koma ilibe zida zopangira yatsopano. Pa chifukwa ichi katswiri ayenera kukonza fomu yoyambira yotsogolera munthu ku zonse zomwe akufuna. Ayeneranso kukonzekera zolakwika, pakuti mu Runtime cholakwika chosakonzekeredwa chimatseka pulogalamu yonse.

Chinanso chomwe chimakhumudwitsa ambiri ndi kusiyana kwa mitundu ya Office. Kuyambira pa Office 2010 pali mtundu wa 32-bit ndi wa 64-bit, ndipo fayilo ya ACCDE yopangidwa pa mtundu umodzi sitseguka pa unzake. Nkofunika tsono kuti nthambi yoona za makompyuta iyambe yalemba mtundu omwe uli pa kompyuta iliyonse ntchito yogawa isanayambe.

Pa nkhani ya chitetezo, Access imakaikira malamulo a mu fayilo yomwe siili mu foda yodalirika. Kuyambira m'chaka cha 2022, Microsoft inayambanso kutsekereza malamulo otere mu mafayilo ochokera pa intaneti. Pulogalamu yotumizidwa pa imelo ikhoza kutseguka koma mabatani ake osagwira ntchito, wantchito nkumaganiza kuti yafa.

Zonsezi ndi zomwe zimachititsa kuti pakhale fayilo imodzi yoikira pulogalamu, yomwe imaika chilichonse pamalo pake, kulembetsa foda yodalirika ndi kusiya chizindikiro chotsegulira pa sikirini. Access 2007 ndi 2010 zinali ndi chida chochitira izi chotchedwa Package Solution Wizard, koma chinachotsedwa mu Access 2013. Akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito zida zina monga Inno Setup.

Access ili ndi malire ake. Fayilo imodzi sipitirira magigabayiti 2, ndipo anthu otsegula nthawi imodzi sangapose 255, ngakhale kuti liwiro limatsika chiwerengerochi chisanafike nkomwe. Ofesi ikakula, zolembedwa zikhoza kusamutsidwira ku SQL Server mafomu omwe antchito anazolowera nkukhalabe omwewo.

Mkulu wa ofesi asanasainire kuti ntchito yatha, ayenera kuona yekha pulogalamuyo ikuikidwa ndi kuyenda pa kompyuta wamba ya kalaliki, yomwe katswiri sanaigwirepo. Ayeneranso kudziwa dzina la wantchito amene azikopera fayilo ya pa seva tsiku lililonse ndi komwe azikaisunga, pakuti mafomu akatayika amaikidwanso, pomwe kaundula wa zaka zambiri akatayika sabwerera.