Ndagi ya pa foni: kodi ndi mbalame yanji iyi?

Ku Chiputo, m'boma la Marávia kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, ndinapeza anyamata akuponyerana ndagi ya mtundu wina. Mmodzi anatulutsa foni ya galasi long'aluka n'kuonetsa anzake mbalame imene anajambula ali kubusa. Mbalameyo inali patali ndipo dzuwa linali litapendeka, motero chimene chinkaoneka ndi kachidontho kakuda m'mphepete mwa dambo. "Ndagi!" Anzake: "Gize!" Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Wina akuti khwangwala, wina bakha, wina akuti chimenecho n'chitsa basi.

Ambirife timakhulupirira kuti chithunzi chachimbuuzi ngati chimenecho n'chongofufuta, palibe angatolepo kanthu. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka foni inafika kwa agogo ena amene ankasema mpini chapafupi. Anaitalikitsa ndi maso, n'kuibweza. "Nantchengwa uyu, ana inu. Simukuona mutu ngati nyundo?" Sanafune kuona nthenga. Anaona nthongo ya kunkhongo, mlomo wautali, kaimidwe kowerama, ndiponso kuti chinthucho chaima m'madzi osaya momwe mumakhala achule. Akatswiri a mbalame amachitanso chimodzimodzi: amayamba ndi kukula kwake, kaumbidwe ka thupi, pamene yatera ndi zimene ikuchita. Zonsezi zimatsalabe m'chithunzi ngakhale chitaipa chotani.

Anyamatawo ali ndi chikhulupiriro chawo. Amati ukakoka chithunzi ndi zala ziwiri, chobisika chimatuluka. Sichituluka ayi. Chithunzi cha foni ndi timadontho tambirimbiri toyalidwa m'mizere, ndipo ngati mbalame yonse yagwera pa timadontho towerengeka, kukoka kumangotikulitsa timeneti. Mapulogalamu ena olonjeza kuyeretsa chithunzi amachita kuwonjezera nthenga zongoganizira, moti akhoza kukupatsa mbalame yokongola imene sinaterepo pamalo amenewo. Ngakhale Merlin, pulogalamu yozindikira mbalame ya Cornell Lab of Ornithology ku America imene inatuluka mu 2014, imafuna kudziwa malo ndi tsiku limene unajambula, kenaka n'kukupatsa mayina angapo kuti usankhepo wekha. Kufunsa malo ndi nyengo kumeneko ndi nzeru yomweija ya agogo.

Chimene chimatinyenga kwambiri ndi mtundu wa nthenga. Aliyense wa m'chigwa cha Zambezi amaidziwa nkhwazi: mutu ndi chifuwa mbee, mapiko akuda, ndiponso ndi yomwe ili pa mbendera ya Zambia. Tsono anthu amati ngati ilibe mutu woyera, si nkhwazi. Koma mwana wa nkhwazi amakhala wofiirira, wamathothomathotho, wosaoneka bwino n'komwe, ndipo zimamutengera zaka ngati zinayi kapena zisanu kuti avale zoyera za makolo ake. Pachithunzi chakutali anthu amamutcha chiombankhanga, mwina kabawi wamkulu. Chomuulula ndi mchira wake waufupi ndi kukonda kwake kutera pamtengo woyang'ana madzi. Palinso timbalame ta m'mabango timene tatimuna take timafiira psuu m'dzinja, koma chilimwe chikafika timasanduka tofiirira ngati mpheta wamba, osasiyana ndi tatikazi. Lumbe wamwamuna nayenso nthenga zake ziwiri zazitali zija amakhala nazo m'nyengo yoswana yokha. Ndiye mwezi umene chithunzi chinajambulidwa ndi umboni waukulu. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika kuno mvula ili pafupi, cha mu Okutobala, n'kubwerera cha mu Epulo. Wina akakuonetsani chithunzi cha mu Julayi n'kunena kuti ndi amenewo, mufunseni bwino.

Chithunzi chimene chinathetsa phwete madzulo amenewo chinali cha usiku: mdima bii, ndi timaso tiwiri tonyezimira pamsewu. Mnyamata wina anangoti "kadzidzi", ndipo mayi wina amene ankapeta pakhonde analeka kupeta. Tonse tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira pafupi ndi nyumba, maliro ali panjira, ndipo sindingaseke munthu amene mtima wake umagunda akamva zimenezo. Koma maso onyezimira pansi pamsewu nthawi zambiri amakhala a lumbe ndi abale ake, amene amakonda kukhala pafumbi usiku podikira tizilombo touluka. Ngakhale akanakhala kadzidzi weniweni, chimene chimamubweretsa pamudzi ndi makoswe a kunkhokwe. Kadzidzi wa nkhope yoyera uja amadya mbewa ndi makoswe usiku uliwonse, ndipo kawirikawiri amalanda chisa chachikulu cha nantchengwa n'kuswerana momwemo. Mbalame ziwiri zimene timaziopa, nantchengwa ndi kadzidzi, imodzi ikudya achule, inzake ikutilondera chimanga.

Si chithunzi chilichonse chimene chinapeza dzina. China chinali cha kambalame kakang'ono m'tsekera, ndipo agogo atachiyang'anitsitsa anati, "Ichi ndiye baireni, sindikuchidziwa. Mukadandiuza kaliridwe kake." Anyamata anaseka, koma yankho limenelo linali loona kuposa mayina onse amene anatchulidwa madzulowo. Pali timbalame ta m'udzu tofanana kwambiri moti ngakhale akatswiri amatisiyanitsa ndi khutu.

Inu amene mumajambula mbalame muli kumunda kapena kubusa, chithunzi chikaipa musafulumire kufufuta. Kumbukirani mwezi ndi pamene inatera, kaya pamtengo wa tsanya, m'mabango kapena pamchenga, ndipo ikalira mujambulenso mawu ake pa foni yomweyo.